Buku Lolembamo Zolinga za Banja pa Chikhulupiriro ndi Thanzi: Ubwino Wake ndi Zofunika Kusamala

Chaka chikamapita kumapeto, m'masitolo ogulitsa mabuku achikhristu mumadzaza mabuku olembamo ndondomeko za chaka chatsopano, ndipo ambiri mwa mabukuwa amakonzedwa poganizira munthu mmodzi. Limene ndikufotokoza pano ndi losiyana nawo chifukwa linakonzedwa kuti banja lonse lizilembamo, ndipo limaika pamodzi zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimakhala m'mabuku osiyana, moyo wauzimu ndi thanzi la thupi. Banja lathu laligwiritsa ntchito m'chaka chimene chikuthachi, ndipo maganizo anga ndi akuti ndi buku loyenera kugula, koma si loyenera kulitsatira m'zonse. Phindu lake lenileni lili m'masamba ochepa amene amachititsa banja kukhala pansi n'kukambirana mwezi uliwonse, pamene mbali imene imakopa maso m'sitolo, ya timabokosi tochonga tsiku ndi tsiku, ndi imene ingafooketse banja ngati silisamala.

Bukuli lili ndi chikuto cholimba ndipo masamba ake anamangidwa ndi waya, choncho limatseguka n'kukhazikika patebulo popanda wina kuligwira, zimene zimathandiza anthu angapo akamalemba motsatizana. Mayina a miyezi analembamo koma madeti anasiyira mwini, moti banja limene lachedwa kuyamba silitaya masamba ambiri. Mapepala ake ndi opyapyala kuposa mmene anayenera kukhalira. Inki ya zolembera zonenepa zimene ana amakonda imadutsa n'kuonekera kuseri, ndipo masamba a koyambirira, amene amatsegulidwa kawirikawiri, anayamba kung'ambika m'mabowo a waya chaka chisanafike pakati. Pensulo ndi bolopeni wamba ndi zimene zimayenda bwino. Zilembo zake ndi zazikulu ndithu, moti agogo amene timakhala nawo amawerenga osavutika.

Masamba oyamba ndi olembapo zolinga za chaka, ndipo apa okonza bukuli anaganiza bwino. Anasiya mipata itatu yokha ya zauzimu ndi itatu ya zathanzi, popanda malo owonjezera ngakhale munthu atafuna. Mu Januwale zimenezi zimaoneka ngati kuumira, chifukwa aliyense amakhala ndi zambiri zimene akufuna kusintha, koma pofika mu Meyi munthu amathokoza kuti sanapatsidwe mizere khumi. Pansi pa cholinga chilichonse pali mafunso atatu, ofunsa nthawi imene chinthucho chizichitika, malo ake, ndi munthu amene azikumbutsa anzake. Mafunso amenewa akugwirizana ndi zimene katswiri wa maganizo a anthu wochokera ku Germany, Peter Gollwitzer, analongosola mu 1999, kuti munthu amene wasankhiratu nthawi ndi malo ochitira chinthu amachichitadi kawirikawiri kuposa amene wangotsimikiza mumtima kuti adzachichita. Nthawi ikakwana munthu sayambanso kudzifunsa ngati ali ndi mphamvu kapena ayi, popeza nkhaniyo inagamulidwa kale.

Kwathu mafunsowa anasintha kalembedwe ka zolinga. Kungolemba kuti tizipemphera limodzi kawirikawiri sikukanayankha funso la nthawi, choncho tinalemba kuti tikangotha chakudya chamadzulo, mbale zisanachotsedwe patebulo, tiziwerenga ndime ya m'Baibulo ndi kupemphera, ndipo mwana wathu wamkulu ndiye azibweretsa Baibulo. Kusankha nthawi imeneyo kunathandiza kwambiri, chifukwa mbale zikangochoka anthu amabalalika, wina ku homuweki, wina ku foni, ndipo kuwasonkhanitsanso kumafuna kukuwa, komwe si chiyambi chabwino cha pemphero. Anthu ena amanena kuti zolinga za chaka chatsopano n'zopanda pake chifukwa zimathera mu Febuluwale. Kafukufuku amene John Norcross ndi anzake a ku University of Scranton anafalitsa mu 2002 akusonyeza zina. Patatha miyezi 6, anthu 46 mwa 100 aliwonse amene anaika cholinga chaka chikuyamba anali akupitirizabe, pamene mwa anthu amene ankafuna kusintha koma osaika cholinga, amene anasintha anali 4 okha mwa 100 aliwonse. Kuika cholinga sikutsimikizira kuti munthu apambana, popeza oposa theka anasiyira panjira, koma n'kosiyana kwambiri ndi kungolakalaka.

Gawo la kuwerenga Baibulo ndi limene ndaliganizira nthawi yaitali. Bukuli lili ndi ndondomeko imodzi yokha, yowerenga Baibulo lonse m'chaka chimodzi kuyambira ku Genesis mpaka ku Chivumbulutso. Baibulo la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189, ya Chipangano Chakale 929 ndi ya Chipangano Chatsopano 260, kutanthauza mitu itatu kapena inayi tsiku lililonse osadumpha. Munthu wamkulu wowerenga payekha angakwanitse zimenezi. Koma m'banja limene muli mwana wa zaka 7, mitu inayi yowerengedwa mokweza madzulo ndi yambiri, ndipo vuto silichedwa kuonekera, chifukwa buku la Genesis lili ndi mitu 50 ndipo la Eksodo lili ndi 40, choncho Januwale akamatha banja limakhala lafika pa Levitiko, pa malamulo a nsembe ndi a nthenda zapakhungu. Amenewa ndi Mawu a Mulungu ndipo ali ndi phindu lake, koma amafuna kufotokozera kwambiri, ndipo mwana amene anali atangoyamba kukonda nkhani ya Yosefe ndi ya Mose amayamba kuyasamula.

Ndondomeko yopepukirapo ilipo ndipo masamu ake amakwana bwino lomwe. Mitu isanu pa sabata kwa masabata 52 imakwana 260 ndendende, chomwe ndi Chipangano Chatsopano chonse, n'kutsala masiku awiri pa sabata oti banja lipumule kapena libwezeretse pamene linatsalira. Banja la ana aang'ono lingathe kungotenga mabuku anayi a Uthenga Wabwino, amene onse pamodzi ali ndi mitu 89, n'kumawerenga kagawo kochepa pa tsiku, pamene buku la Miyambo, lokhala ndi mitu 31, limayenderana ndi masiku a mwezi. Ife tinalemba ndondomeko ya Chipangano Chatsopano papepala lina n'kulimata pamwamba pa ya m'bukuli, ndipo bambo a kunyumba anapitiriza ya Baibulo lonse paokha m'mawa. Kugawa kotereku si kwachilendo. Robert Murray M'Cheyne, mbusa wa ku Dundee m'dziko la Scotland, pokonzera mpingo wake kalendala yowerengera Baibulo mu 1842, anagawa mitu ya tsiku lililonse pawiri, ina yowerenga banja lonse ndi ina yowerenga munthu payekha. Ndikanakonda okonza bukuli akanatengerapo nzeru imeneyi, komanso akanakumbukira mabanja a Chikatolika, amene Baibulo lawo lili ndi mabuku 73 ndipo ndondomeko ya m'bukuli siwakwanira.

M'Cheyne yemweyo anachenjeza anthu ake za kuopsa kwa kalendala yakeyo. Anatchula kuwerenga mwamwambo chabe, kudziyesa wolungama chifukwa chomaliza gawo la tsikulo, kuwerenga mosasamala, ndi kusandutsa ndondomeko kukhala goli lolemera. Zonsezi zili pafupi kwambiri ndi masamba a sabata ndi sabata a bukuli. Pa tsamba lililonse pali mzere wa munthu aliyense wa m'banja, wokhala ndi timabokosi ta pemphero, kuwerenga, madzi, masewera ndi chakudya, toti tizichongedwa tsiku ndi tsiku, ndipo m'munsi muli malo owerengera masiku amene munthu wachita motsatizana osaphonya. Ana amazikonda zimenezi m'masabata oyamba, ndipo sindikukana kuti zimathandiza poyambira. Koma pemphero likayamba kuwerengedwa pamzere umodzi ndi makapu a madzi, mtima wa wopempherayo umayamba kuyang'ana kwina. Tsiku lina madzulo mwana wathu wamng'ono anatsegula maso pemphero lili mkati n'kutambasula dzanja pang'onopang'ono kufuna pensulo, kuti achonge kabokosi kake mkulu wake asanachonge, ndipo kuyambira pamenepo tinasiya kuchonga za pemphero. Timabokosi ta madzi ndi masewera tinawasiyira ana kuti apitirize nato, popeza zinthu zimenezo kuziwerenga sikuziwononga.

Chimene ndikutsutsana nacho kwambiri ndi mawu a patsamba loyamba la Januwale, onena kuti chizolowezi chatsopano chimakhazikika m'masiku 21. Mfundo imeneyi yafala koma ilibe umboni wolimba. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano cha kadyedwe, kamwedwe kapena masewera, ndipo anapeza kuti nthawi yofunika kuti chinthu chizingochitika chokha inasiyana kuyambira masiku 18 mpaka 254, ndipo ya pakatikati inali masiku 66. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunawononge chizolowezi chimene chinali kumangidwa. Zimenezi n'zofunika, chifukwa banja limene lauzidwa kuti pofika pa 21 Januwale zonse zidzakhala zitakhazikika limadziona lolephera likaona kuti mu Malichi likufunikabe kukumbutsana, ndipo mzere wa masiku osaphonya ukaduka chifukwa cha matenda kapena ulendo, ambiri amatseka buku osalitsegulanso. Malo owerengera masiku otsatizana aja ndikulangiza kuti muwasiye opanda kanthu.

Tsamba la mapemphero ndi labwino kwambiri. Mwezi uliwonse uli ndi tsamba logawidwa pakati, kumanzere kolembako zimene banja likupempherera pamodzi ndi deti, kumanja kolembako zimene zinachitika pambuyo pake, kaya zosangalatsa kapena zowawa. M'chaka chimodzi banja limapempherera odwala amene amachira ndi ena amene amamwalira, ndipo ana amafunika kuona makolo awo akulemba zonse ziwiri moona mtima, osabisa zimene sizinayende monga mmene anapemphera. Chenjezo langa n'lakuti bukuli limakhala poyera ndipo alendo amalitsegula, choncho nkhani zachinsinsi za achibale ndi anzanu musazilembe ndi mayina awo.

Pogwirizanitsa chikhulupiriro ndi thanzi, bukuli latsamira pa mavesi awiri odziwika, 1 Akorinto 6:19, pamene thupi likutchedwa kachisi wa Mzimu Woyera, ndi 3 Yohane 2, pamene mlembi akufunira Gayo thanzi labwino monga mmene moyo wake wauzimu ukuyendera bwino. Ndikuvomereza ndi mtima wonse kuti kusamalira thupi ndi njira imodzi yolemekezera Mlengi, ndipo kulekanitsa ziwirizi kwachititsa Akhristu ambiri kunyalanyaza matupi awo mpaka matenda atakula. Komabe vesi la mu 3 Yohane ndi mafuno abwino a kumayambiriro kwa kalata, si lonjezo lakuti wokhulupirira sadzadwala, ndipo bukuli silifotokoza zimenezi. M'banja limene muli munthu wa matenda okhalitsa, kusafotokozaku kungamupweteke mtima, n'kuyamba kuganiza kuti kudwala kwake ndi chizindikiro cha kuchepa kwa chikhulupiriro. Malemba omwewo amanena za Timoteo amene ankadwaladwala m'mimba, za Epafrodito amene anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, ndi za Trofimo amene Paulo anamusiya akudwala ku Mileto. Makolo ayenera kuwonjezera okha mfundo imeneyi pokambirana ndi ana.

Pa masewera olimbitsa thupi, bukuli limapatsa aliyense mlingo umodzi, masitepe 10,000 pa tsiku. Nambala imeneyi inatchuka kuchokera ku Japan m'zaka za m'ma 1960, pa malonda a kachipangizo kowerengera masitepe, osati kuchokera ku kafukufuku wa zachipatala. Kafukufuku amene I-Min Lee wa ku yunivesite ya Harvard ku America anatsogolera mu 2019 pakati pa amayi achikulire anapeza kuti imfa zinali zocheperapo ngakhale pakati pa oyenda masitepe pafupifupi 4,400 pa tsiku, ndipo phindulo linkakwera mpaka cha pa 7,500. Kuyenda masitepe 10,000 si koipa, koma kumafuna foni kapena wotchi yowerengera, ndipo sikusiyanitsa mwana ndi agogo ake. Malangizo a mu 2020 a bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, ndi osavuta kuwalemba ngati cholinga cha banja. Munthu wamkulu amafunika mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yochititsa kupuma mofulumirirako, monga kuyenda ndawala, komanso masiku osachepera awiri a zolimbitsa minofu. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika pafupifupi mphindi 60 tsiku lililonse, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo amalangizidwa kuwonjezera, masiku atatu pa sabata, zochita zowathandiza kuima ndi kuyenda mosadzandira pofuna kupewa kugwa. Mphindi 150 ndi theka la ola kwa masiku asanu, choncho kuyenda kwa banja lonse dzuwa likapepa kumakwaniritsa gawo la akuluakulu n'kupatsa ana theka la gawo lawo. Deuteronomo 6:7 amauza makolo kuti aziphunzitsa ana awo pokhala pansi m'nyumba ndi poyenda panjira, ndipo ndaona kuti mafunso ovuta okhudza Mulungu, amene ana safunsa patebulo, amatuluka okha poyenda.

Gawo la chakudya analilemba mosamala ndipo silikakamiza banja kugula zinthu zachilendo. Limalimbikitsa kuchepetsa mchere ndi shuga ndi kuchulukitsa zipatso ndi ndiwo zamasamba, koma silipereka miyeso, choncho ndi bwino kulembamo nokha. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya mchere wosafika magalamu 5 pa tsiku, womwe ndi wochepera pang'ono supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli kale m'zakudya zogula, ndi zipatso ndi ndiwo zamasamba zosachepera magalamu 400. Cholinga chimene chinatiyendera ife chinali chaching'ono, chakuti mchere usamabwere patebulo ndipo wophika yekha ndiye azithira.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti m'buku lonseli mulibe malo a tulo. Akatswiri a za tulo a m'bungwe la ku America la American Academy of Sleep Medicine amalangiza maola 9 mpaka 12 kwa ana a zaka 6 mpaka 12, maola 8 mpaka 10 kwa achinyamata a zaka 13 mpaka 18, ndi maola osachepera 7 kwa akuluakulu. Pa nkhani ya tulo ndi pamene zolinga za thupi ndi za mzimu zimakumana moonekeratu, pakuti munthu amene wafika pakati pa usiku ali pa foni sangadzuke m'mamawa kuti apemphere, ndipo mwana wosagona mokwanira amasinza nthawi yowerenga n'kumakwiya msanga ndi abale ake. Ngati banja lanu lingasankhe cholinga chimodzi chokha cha tsiku ndi tsiku pa thanzi, ndingalangize kugwirizana ola loika mafoni onse pamalo amodzi kunja kwa zipinda zogona, ndipo oyamba kuika akhale makolo.

Pali mzere umodzi umene ndikupempha makolo kuti aufufute asanapereke bukuli kwa ana. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse kuli malo olembapo kulemera kwa thupi kwa munthu aliyense, ndi ana omwe. Sikelo ya mwana imayenera kukwera pamene akukula, ndipo oyenera kuitanthauzira ndi achipatala poyerekeza ndi msinkhu ndi zaka zake, osati abale ake patebulo. Mu 2016 bungwe la madokotala a ana ku America la American Academy of Pediatrics linalangiza makolo kupewa kukamba za kulemera kwa matupi a achinyamata ndi kuwalimbikitsa kudzimana chakudya kuti aonde, chifukwa zimenezi zimawonjezera chiopsezo cha kunenepa kwambiri komanso cha matenda osokoneza kadyedwe, ndipo m'malo mwake linalimbikitsa kudyera pamodzi ndi kuchita masewera monga banja. Mtsikana wa zaka 14 sayenera kuona kulemera kwa thupi lake kutalembedwa m'buku limene aliyense amatsegula. Munthu wamkulu amene dokotala wamuuza kuti achepetse thupi angalembe zake pena.

Tsamba la zachipatala analiika kumapeto, koma likanayenera kukhala koyambirira chifukwa ndi lofunika kuposa masamba ena onse a zathanzi. Lili ndi malo olembapo masiku a katemera wa ana, okaonana ndi dokotala wa mano ndi wa maso, mayina a mankhwala amene munthu amamwa tsiku ndi tsiku, ndi zotsatira za kuyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bungwe la WHO limanena kuti akuluakulu oposa 1 biliyoni padziko lonse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa, chifukwa nthawi zambiri matendawa sapweteka paliponse mpaka atawononga mtima, impso kapena ubongo. Achipatala amawazindikira muyeso ukafika 140/90 kapena kuposa pamenepa pa masiku awiri osiyana. Cholinga chakuti wamkulu aliyense ayezetse Januwale asanathe chimatheka m'mawa umodzi, ndipo chingateteze banja kuposa timabokosi ta chaka chonse. Kwathu tsambali linathandiza agogo atadwala mwadzidzidzi usiku, pamene bambo a kunyumba anangolijambula pa foni n'kukaonetsa achipatala mndandanda wa mankhwala awo, m'malo moyesa kukumbukira mayina ovuta kutchula mtima uli m'mwamba.

Cholakwa chachikulu cha bukuli ndi kusowa kwa chenjezo patsamba la kusala kudya. Limalimbikitsa banja kuyamba chaka ndi masabata atatu a kusala, potengera Danieli 10, koma silinena kanthu za ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, okalamba, kapena anthu a matenda a shuga. Munthu amene amabaya insulin kapena kumwa mankhwala ena otsitsa shuga akasiya kudya, shuga wake angatsike kwambiri mpaka kukomoka, ndipo pali mankhwala ena amene sayenera kumwedwa m'mimba mulibe kanthu. Danieli mwiniwake sanaleke kudya kotheratu, koma analeka zakudya zokoma, nyama ndi vinyo. Amene ali pa mankhwala afunse kaye dokotala, ndipo asasiye mankhwala chifukwa cha kusala kapena chifukwa chakuti wapemphereredwa. Banja lingasale pamodzi m'njira yosaika moyo wa wina pachiswe, monga kusiya wailesi yakanema ndi zakumwa zotsekemera kwa nthawi imeneyo, amene ali ndi thanzi lokwanira n'kuwonjezerapo kusala chakudya paokha.

Tsopano ndifike pa masamba amene akundichititsa kunena kuti bukuli n'loyenera kugula ngakhale lili ndi zofooka zonsezi. Kumapeto kwa mwezi uliwonse kuli tsamba la msonkhano wa banja, lofunsa chimene chinayenda bwino, chimene chinavuta ndi chifukwa chake, chimene banja lisinthe mwezi wamawa, ndi munthu wa kunja kwa banja amene lingamuthandize. Malangizo ake akuti wamng'ono kwambiri ndiye ayambe kulankhula, makolo amalize, ndipo wina asadule mnzake mawu. Dongosolo limeneli likuoneka laling'ono koma limasintha zambiri, pakuti bambo kapena mayi akayamba kulankhula, ana amangovomera zimene zanenedwa. Pa msonkhano wa mu Epulo mwana wathu wamkulu, akuyang'ana pansi, ananena kuti, "Amayi, mapemphero a madzulo akumatalika, ndiye ine ndimangoganiza za homuweki." Tinafupikitsa nthawiyo kukhala mphindi khumi, n'kugwirizana kuti aliyense azitsogolera pemphero tsiku lake m'malo moti tonse tizipemphera motsatizana tsiku lililonse. Kuchokera nthawi imeneyo ana ndi amene amakumbutsa akuluakulu. Pakanapanda tsamba limenelo iye akanangokhala chete chifukwa cha ulemu, ndipo zikanadziwika pokhapokha atayamba kuzemba.

Funso la chimene banja lisinthe limapereka mpata wokonza cholinga popanda manyazi. Mabuku ambiri a mtundu umenewu amaona zimene zalembedwa mu Januwale ngati lamulo losasinthika, koma ili limavomereza kuti moyo wa banja umasintha chaka chili mkati. Mwana amafika pa mayeso, kholo limasintha maola a ntchito, nyengo imasokoneza kuyenda kwa madzulo, ndipo cholinga chimene sichikusinthidwa kuti chigwirizane ndi zimenezi chimangofa mwakachetechete popanda wochinena. Msonkhanowu umagawanso udindo. M'mabanja ambiri munthu mmodzi, kawirikawiri mayi, ndiye amakumbukira pemphero, mankhwala a okalamba ndi tsiku la katemera, ndipo iyeyo akatopa kapena akadwala zonse zimaima. Mutu umodzi susenza denga, ndipo bukuli limafuna kuti dzina la wokumbutsa lizisintha mwezi ndi mwezi. Funso lomaliza, la munthu woti athandizidwe, limateteza banja kuti lisamangodziyang'ana lokha, ndipo likugwirizana ndi Yakobo 1:27, pamene chipembedzo choona chikulongosoledwa monga kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo. Ana athu ndi amene anatchula mayi wina wokalamba wokhala yekha, ndipo kukawaona kunasanduka ulendo wathu wa pansi wa Loweruka.

Bukuli lingathandize kwambiri banja la ana a msinkhu wa kusukulu, amene amatha kulemba ndi kunena maganizo awo. Kwa banja la makanda okhaokha masamba ambiri adzakhala opanda kanthu, ndipo achinyamata okulirapo angaone timabokosi tija ngati zachibwana, ngakhale msonkhano wa mwezi ungawakomere ngati makolo akumvetseradi. Mizere yake inasindikizidwa kale ndi mawu akuti bambo, mayi ndi ana, zimene sizikuganizira kholo lolera ana lokha, agogo olera zidzukulu, kapena nyumba yokhala ndi achibale ena, ndipo zikanakhala bwino mizereyo ikanakhala yopanda mayina. Mapulogalamu a pa foni monga YouVersion, pulogalamu ya Baibulo imene mpingo wa Life.Church unayambitsa pa mafoni mu 2008, ali ndi ndondomeko zambiri zowerengera zaulere komanso mawu omvetsera, ndipo angakwaniritse zimene zikusowa m'gawo la Baibulo, koma pa msonkhano wa banja pepala limaposa foni chifukwa aliyense amaliona nthawi imodzi ndipo silibweretsa mauthenga osokoneza.

Amene sangapeze buku lotere angatenge kope wamba n'kukonzamo tsamba la zolinga ndi mafunso ake atatu, tsamba la mapemphero, la zachipatala ndi la msonkhano wa mwezi, n'kuwonjezerapo mzere wa nthawi yogona. Ife tigulanso lina la chaka chikubwerachi chifukwa ana anazolowera maonekedwe ake, ndipo tagwirizana kuti msonkhano woyamba uchitike m'sabata yomaliza ya Disembala, kuti aliyense alembe gawo lake ndi dzanja lake ndipo tsiku lokayezetsa kuchipatala lisankhidwiretu.